Chitsa cha pa Msewu wa Tilden

Mukamadutsa pa msewu wa Tilden masiku ano, musandiuze zoti timitengo tathu tikukongola. Ndikudziwa, ndimationa m'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko. Anthu amatsika m'magalimoto kudzatijambula, ena mpaka kumatisisita. Koma palibe amene amafunsa za chitsa chimene chili patsogolo pa nyumba yachikasu ija, chitsa chachikulu moti anthu anayi akhoza kudyerapo osagundana zigongono. Ine ndine Verlene Haygood, nyumba yanga inayang'anizana ndi chitsacho.

Mwini nyumba yachikasuyo ndi a Ozella Broadnax, anzanga a kuyambira tili atsikana. Anabadwira m'nyumba momwemo. Bambo awo anachoka ku Alabama ali mnyamata kudzagwira ntchito kufakitale yosungunula zitsulo kuno ku Ohio. Chaka chimene anagula nyumbayi anapita kwawo kukaika maliro a mayi awo, ndipo pobwerera anadzaza thumba la jekete ndi njere za mtengo wa thundu zimene anatola pabwalo la malemuwo. Anakwirira zingapo pafupi ndi msewu, koma inamera imodzi yokha. A Ozella amati iwo ndi mtengowo anakulira limodzi, kungoti mnzawoyo sanasiye kukula.

Tili ana, msewu wonse unali ndi mitengo ya elemu mbali zonse ziwiri, nthambi zake zikugwirana pamwamba, moti mvula yowaza inkatha ife tisananyowe. Kenako kunabwera matenda a mitengo. A khonsolo anafika ndi magalimoto awo, anadula yonse, n'kutiuza kuti abwera ndi mbande chaka chamawa. Chaka chamawacho ine ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinalera, ndinaika mwamuna wanga m'manda, mbande zija zili m'njirabe. Fakitale inatsekedwa, anthu anasamuka, nyumba zina zinapsa, zina anazigumula. Pamabwinja panamera mitengo ina yachabechabe imene ife timangoti yonunkha, chifukwa ukathyola tsamba lake dzanja limanunkha tsiku lonse. Imamera paliponse, m'ming'alu ya simenti, m'mawindo a nyumba zosiyidwa, ngakhale pamadenga. Mtengo weniweni unatsala umodzi wokha, wa a Ozella, chifukwa matenda aja sankagwira thundu.

Ha, koma unali mtengo! Unkaphimba nyumba yawo yonse, theka la nyumba ya a neba, n'kutsalanso wina wogawira msewu. Dzuwa likapendeka mthunzi wake unkaoloka phula kudzandipeza pakhonde panga. Chithunzi cha ukwati wa a Ozella ndi malemu a Thaddeus anajambulira pansi pake. Pamaliro a bambo awo anthu anakhala pansi pake. Lachisanu lililonse m'chilimwe tinkakazingirapo nsomba za mpingo, amuna akusewera madomino, akuwamenyetsa patebulo ngati akupha nsikidzi.

A Ozella anagwira ntchito yophika kusukulu ya pulayimale mpaka mawondo anayamba kudandaula. Atapuma kumeneko anatenga ntchito yoolotsa ana pamsewu, pamphambano pamene pali siteji ya basi. M'mawa ndi masana ankaima pamenepo ndi chikwangwani chawo ndi wenzulo pakamwa, ndipo madalaivala a mathiraki ankawaopa kuposa apolisi. Mayi ameneyu ndi wamakani, musamuone kufatsa nkhope. Akanena kuti lero ndi Lachitatu pamene lili Lolemba, ingovomerani muzipita. Mwana wawo Darnell wakhala akuwaitana kuti akakhale naye ku Houston, iwo yankho ndi limodzi: "Ukapeza thiraki yokwana mtengo wanga ubwere udzanditenge."

Pasiteji paja palibe kanthu koma chitsulo cha chikwangwani ndi benchi yachitsulo, imene m'mwezi wa Julaye ukakhalapo umanyamuka ndi mizere m'ntchafu. Pamenepo ndi pamene anagwera a Lucius Tate, mkulu wachikulire amene ankapita kuchipatala kukasefetsa magazi. Basi inachedwa, dzuwa likuswa mtengo, ngakhale kuti mtengo woti liswe panalibe. Sukulu zinali zotseka, koma a Ozella anaona ali pakhonde kuti munthu wagwa. Anathamanga ndi ambulera yawo ya kutchalitchi, n'kuima chomuphimba mpaka ambulansi inafika. A Lucius anatisiya asanafike kuchipatala. Pamaliro awo, a Ozella sanalire, ankangoyang'ana pansi nsagwada zili gwa.

Ndiye chaka chomwecho tinamva kuti a khonsolo apeza chuma chodzalira mitengo zikwi zingapo m'madera osowa mthunzi. Tinati Mulungu wamva. Anaitanitsa msonkhano kuholo ya laibulale, ife tinavala za Lamulungu n'kupita, a Ozella patsogolo. Kunali bwana wina wa tayi, ndi mtsikana wa ku ofesi ya mitengo, dzina lake Marisol Quintero, amene ankafotokoza. Anati anatumiza ndege kujambula mzinda wonse kuchokera m'mwamba, kompyuta n'kuwerengera kuti masamba aphimba malo aakulu bwanji. Mzinda anaudula timabokosi. Bokosi lililonse limene masamba ake sakufika maperesenti 20 analipaka zofiira, ndipo limenelo ndilo lilandire mitengo. Lopitirira pamenepo analipaka zobiriwira, kutanthauza kuti lili bwino. Anawalitsa mapuwo pakhoma, ife tonse n'kutukula makosi kufunafuna Tilden.

Tilden anali wobiriwira. Abale inu, wobiriwira ngati masamba a mpiru! Maperesenti 26.

A Ozella anaimirira osakweza n'komwe dzanja. "Mwana wanga, tabwerezanso. Wati msewu uti?"

"Wa Tilden, amayi," anatero Marisol, mawu ali pansi.

"Ndiye kuti kuli Tilden wina amene ine sindimudziwa. Kwathu kunafa munthu ndi dzuwa mwezi wathawu. Zobiriwira zakozo wazitenga kuti?"

Mtsikanayo sananame, ndimupatse zake. Anakulitsa chithunzicho n'kutionetsa. Zobiriwira zija zinali mabwinja. Inali mitengo yonunkha ija, imene yamera m'nyumba zopsa kuseri kwa msewu, kumene kumapita makoswe okha ndi anthu otaya matayala. Anati ndege imaona tsamba basi, siidziwa ngati pansi pake pamadutsa munthu kapena ayi. Anati iye anawauza kale akuluakulu za vutoli, koma amene anapereka chumacho anamanga lamulo pa nambala ya ndegeyo, ndipo iye alibe mphamvu yoisuntha.

Apa ndi pamene bwana wa tayi uja anatsokomola n'kutiuza kuti tidekhe, gawo lachiwiri lidzabwera, kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Bambo inu," ndinatero, "ife tinayamba kudekha inu musanabadwe. Nkhono yanuyo ili ndi maso ayi? Tabwerani Lolemba masana mudzakhale pabenchi pathu ndi tayi yanuyo, tione ngati mudekhe!"

Anthu anaseka, bwanayo n'kuyamba kusonkhanitsa mapepala ake. Koma a Ozella sanaseke. Anamudikira Marisol pakhomo n'kumufunsa funso limodzi lokha: ndege ija idzadutsanso liti? Mtsikanayo anati chilimwe chikubwerachi, mu Julaye, masamba akadzadza, ndipo mapu a gawo lachiwiri adzachokera pa zithunzi zimenezo. A Ozella anangoti zikomo. Tinabwerera pa basi n'kutsika pasiteji paja. Anagogoda benchi ija ndi ndodo ya ambulera n'kunena kuti, "Achemwali, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati ndegeyo imafuna kuona dazi, tiionetsa dazi."

Taganizani inu zamanyazi zake. Anthu osowa mthunzi, kuti atipatse mitengo, tiyambe tadula mitengo. Ndinawauza kuti ndi misala, koma chipale chofewa chitangosungunuka ndinali woyamba kuvala magolovesi. Amene anatitsogolera ndi a Cleon Pettway, dikoni wa mpingo wathu, munthu wa mimba yake ndi macheka ake a injini amene amawakonda kuposa akazi awo. Loweruka lililonse tinkalowa m'mabwinja muja, amuna akudula, amayi tikukoka nthambi. Tinatulutsamo matiresi owola, mafiriji, zimbudzi zosweka, ndi galimoto yathunthu imene mtengo unamera pakati pake.

"Asisi Verlene, kokani bwino nthambiyo, simukuvina pano!" ankakuwa a Cleon.

"Inu dulani zanu, a dikoni. Mimbayo mukanaigoneka pasiteji a Lucius akanapeza mthunzi."

"Aaa, pakamwa panupo m'pamene panathamangitsa azibusa atatu."

"Anayi. Wachinayi anathawa asanamasule katundu."

A Ozella sankalowerera zoseka zathu. Ankayenda ndi chikwanje ndi wenzulo yawo, akaona wina wakhala pansi nthawi yaitali n'kumuimbira. Mitengo yonunkha ndi yankhutukumve, ukadula umodzi pamaphuka khumi, ndiye tinkabwereranso malo omwewo kukasadza mphukira. Zikhatho zinachita matuza, zovala zinkanunkha ngakhale uzichape kawiri. Munthu mmodzi wa khonsolo sanabwere kudzatifunsa kuti mukutani, kapena kudzatithandiza kuchotsa zinyalala za pamalo awo omwe. Pofika mu Juni kuseri kwa Tilden kunali mbee, ukaima pakhonde panga unkaona njanji.

Marisol ankabwera mwa apo ndi apo ataweruka kuntchito, pagalimoto yake, osati ya khonsolo. Ankati sanatione, ifenso sitinamuone. A Ozella anayamba kumusungira mkate wa chimanga ndi nyemba. Tsiku lina chakumapeto kwa Juni anabwera ndi kakompyuta kake kam'manja, anazungulira bokosi lathu lonse wapansi, kenako anadzakhala nafe pansi pa mtengo wa thundu. Ndinamuthirira tiyi wa ayezi. Anafufuta pachithunzi chija malo onse amene tinadula, n'kuwerengera, n'kubwerezanso, nkhope ikugwa.

"Tanena, mwanawe, usatiphe ndi mtima," ndinatero.

"Mwagwira ntchito yaikulu, amayi. Koma mmene ndikuonera ine, zikhala pa 21. Mwatsala pang'ono kwambiri."

A Cleon anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo. Ine ndinatukwana mawu amene sindingawabwereze pano. Tinayamba kuwerenga zotsala: tchire la maluwa la mayi wina, kamtengo ka mapeyala kuseri kwa tchalitchi, mpanda wa zitsamba wa a Cleon. Marisol anapukusa mutu, anati zonsezo kuziphatikiza sizingasunthe nambala. A Ozella anavala magalasi awo n'kusendera pafupi. Pakati pa chithunzi chotuwa chija panali chinthu chimodzi chobiriwira, chozungulira, chachikulu. Anaika chala pamenepo.

"Nanga ichi n'chiyani?"

Tonse tinkadziwa, tinali titakhala pansi pake.

"Amayi, ayi," anatero Marisol. "Chonde musaganize n'komwe. Mtengo uwu wokha ukuposa mbande zana limodzi. Ndikalankhulanso ndi akuluakulu, ndikawalembera, ndikawabweretsa adzaone okha."

"Unawabweretsa chaka chatha?"

"Anakana."

"Chaka chino avomera chifukwa chiyani? Tandiyankha chimene ndakufunsa. Ichi chikachoka, nambala yako ifika pati?"

Mtsikanayo anayang'ana ine ngati ndimupulumutse. Kenako anati, "Mwina 19. Koma sindikulonjeza."

Atapita alendo ndinatsala ndi a Ozella, ndipo tinakangana mkangano umene sitinakanganepo chiyambire utsikana wathu. Ndinawauza kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Ndinati mtengo umenewu ndi bambo anu, ndi agogo anu a ku Alabama, ndi a Thaddeus, mukufuna kuupereka nsembe kwa ndege yopanda maso? Ndinati anthu amenewa anatinamiza ndili namwali, adzatinamizanso, ndipo madzi akatayika saoleka. Iwo ankangotola timitengo tating'ono pabwalo ngati sindikuyankhula nawo.

"Verlene," anatero pomaliza, ndipo akanditchula dzina lokha choncho ndimadziwa kuti zatha, "mthunzi uwu umafika pakhonde pako ndi panga. Pasiteji sufika. Kusukulu sufika. Ana aja ndimawaolotsa ine, ndimaona mmene amafikira pamphambano, milomo itauma. Lucius anagwa ndi dzuwa ine ndikuona, mtengo wanga uli apa, ukungondiyang'ana."

"Ndiye mtengowo walakwa chiyani? Wolakwa ndi uja wa tayi! Kaduleni iyeyo!"

"Iyeyo ndilibe naye mphamvu. Uwu ndi wanga."

Ndinawasiya ataima pomwepo, ndinamenyetsa geti lawo, ndipo sabata yonse sindinawapatse moni. A Cleon nawo anakana. Anati macheka awo adula zambiri koma ameneyu ayi, akawafunsa kumwamba adzayankha chiyani. Darnell anaimba foni kuchokera ku Houston akukuwa mpaka ndinkamumva ndili kwathu. A Ozella anagulitsa thiraki yakale ya malemu a Thaddeus, imene inkangokhala m'garaja, n'kuitana kampani ya anthu odula mitengo ikuluikulu.

Anabwera m'mawa ndi galimoto ya chikepe ndi makina ogaya nthambi. Mkulu wawo, mzungu wa ndevu zofiira, anauzungulira mtengowo kawiri n'kufunsa ngati mayiwo akutsimikiza, chifukwa mtengo ulibe matenda ngakhale pang'ono. A Ozella anati, "Ndakulembani ntchito yodula, osati yondiululitsa machimo." Ndinali nditalumbira kuti sindituluka, koma macheka atayamba kulira ndinapezeka ndaoloka msewu. Ndinawapeza atakhala pampando pakhonde atavala diresi la kutchalitchi. Ndinakhala pambali pawo. Odulawo anayamba ndi nthambi za pamwamba, kutsitsa imodziimodzi ndi zingwe, ndipo nthambi iliyonse ikachoka dzuwa linkalowa pamalo pamene silinafikepo chibadwire chathu. Agologolo ankathawira padenga. Pofika masana khonde lonse linali pambalambanda, utoto wa khoma ukuoneka kusuwa kwake. Thunthu litagwa nthaka inagwedezeka, makapu analira m'kabati mwanga kutsidya. A Ozella anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka mphete inandilowa m'chala. Ine ndi amene ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa chisoni kokha, ndinkafuna kuswa chinthu.

Ndege ija inadutsa mu Julaye monga ananenera. Kandege kakang'ono koyera, kakupita n'kubwerera m'mwamba ngati munthu wotchetcha kapinga. Kanatha ntchito yake pa Tilden ine ndisanamalize kuyanika zovala. Chilimwe chimenecho nyumba ya a Ozella inasanduka uvuni. Ankagona pansi pabalaza ndi thaulo lonyowa pakhosi, ndipo nsomba za Lachisanu zinasamukira m'chipinda cha pansi kutchalitchi. Sanadandaule ngakhale kamodzi, zimene zinkandipsetsanso mtima kwambiri.

Yankho linabwera nthawi ya chisanu. Marisol anafika akuthamanga, chipale chofewa chili m'tsitsi, n'kuima pakhomo akupuma mwabefu. Anati 19 ndi kanthu pang'ono pamwamba. Tilden wafiira. Mtengo uja ukanakhalapo sitikanalowa. A Cleon anaimba nyimbo yotamanda pakati pa msewu, anthu anatuluka ndi majekete pamwamba pa zovala zogonera. A Ozella anangofunsa ngati pasiteji padzakhale mtengo. Atamva kuti padzakhala iwiri anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba kukatereka madzi a khofi.

Mu Epulo anyamata a khonsolo anadutsa ndi zitini za penti, akulemba kadontho koyera pakapinga ka m'mbali mwa msewu, paliponse pamene padzakumbidwe dzenje. Pakhomo panga analemba. Pa a Cleon analemba tiwiri. Anafika pa nyumba yachikasu, anayang'ana chitsa, anayang'ana pepala lawo, n'kudutsa. Ine ndinaona, koma ndinati mwina penti yawathera, abweranso.

Tsiku lodzala linali chikondwerero. Kunabwera a wailesi yakanema, ana a sukulu atavala malaya ofanana, mafosholo atsopano omangidwa maliboni, ndi khansala wa dera lathu, amene nkhope yake tinali titangoiona pazikwangwani za chisankho. Bwana wa tayi uja analiponso. Anafunafuna malo okwera oti khansala aimepo kuti aoneke bwino pakanema, ndipo mukudziwa chimene anapeza? Chitsa. Anamugwira dzanja n'kumukweza pachitsa cha a Ozella, nsapato zake zonyezimira zili pamwamba pa mtengo wa bambo awo. Ali pamenepo khansalayo anatiuza kuti mtengo ndi moyo. Anati sayansi yamakono yathandiza khonsolo kupeza anthu ovutika amene kale sankaoneka. Anatilangiza kuti tiphunzire kukonda mitengo ndi kuisamala, chifukwa madera ena anthu amangodula mwachisawawa.

Mayo ine! Ndinaponya pansi mbale ya keke imene ndinanyamula. A Cleon anandigwira mkono, ndinawakankha ndi mimba yawo yomweyo.

"Tsikapo apo!" ndinakuwa. "Iwe, ndati tsika! Ukudziwa chimene wapondacho? Amene sankaoneka ndi ndani? Ife tinali pompano, inu ndi amene munkatiyang'ana kuchokera m'mitambo ngati akabawi! Tsika usanandione polekera!"

Anatsika, akumwetulira kumwetulira kwa anthu a ndale, wina n'kumunong'oneza kuti mayiwa ndi odwaladwala. A wailesi yakanema mbali imeneyo anaidula, madzulo tinangoona ana akuthira dothi ndi khansala akuwomba m'manja.

Anthu atabalalika, timitengo tili ndondondo msewu wonse, tonenepa ngati mpini wa tsache, tomangiriridwa kuzikhomo, a Ozella anamuitana Marisol. Anali ataima pakapinga kawo kopanda dzenje.

"Mwana wanga, anyamata ako andidumpha."

Mtsikanayo maso anali atafiira kale. Anati sanawadumphe mwangozi. Anati mizu ya thundu ija yadzaza pansi ponse, kuyambira pachitsa mpaka kumsewu, ina yonenepa ngati ntchafu ya munthu. Lamulo la kadzalidwe silikulola kuika mbande pafupi ndi chitsa chachikulu chotero, chifukwa makina okumbira sangalowe, ndipo mizu ikamaola nthaka imatitimira, kamtengo n'kufa. Anati anapempha kuti abweretse makina ozula chitsa, anamuyankha kuti chitsacho chili pamalo a munthu, si cha khonsolo.

"Iii, koma abale!" ndinatero. "Pokwerapo chinali cha khonsolo, pozula ndi cha munthu?"

"Pepani, amayi. Ndayesetsa ndithu." Anatulutsa kakompyuta kaja ngati kamuthandiza kulankhula. Pamapu atsopano Tilden yense anali wofiira, koma pa nyumba yachikasu panali pofiira kuposa pena paliponse. Malo osowa mthunzi kwambiri m'bokosi lonse, ndi okhawo opanda mtengo.

A Ozella anayang'ana mapuwo nthawi yaitali. "Ndiye mizuyo iola liti?"

"Thundu amachedwa, amayi. Zaka zisanu ndi ziwiri, mwina khumi. Ikadzaola ndidzabwera ndekha, ndikulonjeza. Ndidzakudzalirani thundu wina."

A Ozella ali ndi zaka 74, ndipo amamwa mapiritsi a mtima m'mawa ndi madzulo. Anaseka pang'ono, anamukonza mtsikanayo kolala ya malaya monga amachitira ndi ana pamphambano.

"Usadzavutike, mwanawe. Nthawi imeneyo ine ndidzakhala ndili kumene kuli Lucius. Kumanda mitengo iliko yokwanira, ndege yako ikadzadutsa idzapeza ndili pobiriwira."

Marisol anakalirira m'galimoto yake. Ine ndinalowa m'nyumba n'kutsuka mbale zoyera kale, chifukwa ndikanakhala panja ndikanazula kamtengo ka pakhomo panga n'kukaponyera kuofesi kwawo.

Pano ndi Ogasiti. A khonsolo anati azibwera ndi thanki kudzathirira, anabwera kawiri. Amene amathirira ndi a Ozella. M'mawa uliwonse amaika zigubu za madzi m'ngolo ya kusitolo imene tinaitola kumabwinja kuja, n'kumakankha kuchokera pakhomo panga mpaka pasiteji, kamtengo ndi kamtengo. Ana akagwedeza kamtengo, wenzulo imalira. Timitengo ta pasiteji tili ndi mthunzi wokwana galu mmodzi wogona bwino. Masana nyumba yawo ikatentha amaoloka msewu kudzakhala pakhonde panga, pamene ndinapachika nsalu yotchinga dzuwa. Ndimawaikira mpando moyang'ana kunjanji, koma iwo akafika amautembenuza kuti uyang'ane kwawo.